Kalembedwe ka Chichewa m'Mabuku a Malangizo Owumbidwa ndi Kompyuta

1. CHIYAMBI

Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amene Bungwe la Chichewa lidatulutsa m'chaka cha 1973, ndi kuwaunikanso mu 1980 ndi mu 1990, adalembedwa moganizira mlembi wa cholembera, wa taipi ndi wosindikiza mabuku. M'masiku amenewo mkonzi ankalandira masamba oyesera kuchokera kwa wosindikiza, n'kuwawerenga mzere ndi mzere, ndipo cholakwika chimene wachonga chinkakonzedwa patsamba lomwelo. Tsopano kudabwera mtundu wina wa mabuku umene sudzera njira imeneyi. Awa ndi mabuku a malangizo ofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu a kompyuta. Ambiri mwa mabukuwa amasonkhanitsidwa ndi kompyuta kuchokera m'mafayilo ambirimbiri, ndipo pulogalamu ikangosintha, buku lonse limasonkhanitsidwanso mwatsopano.

Nkhani ino ikufotokoza mmene ntchitoyi imachitikira, ndi malo amene kalembedwe ka Chichewa kamawonongekera m'kati mwake. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: mkonzi ayenera kudziwumbira yekha bukulo pa kompyuta yake kuti aone zimene wowerenga adzaone, ndipo cholakwika chilichonse achikonzere kugwero, chifukwa chokonzedwa patsamba lomalizidwa chimafafanizika buku likawumbidwanso. Zitsanzo zambiri zatengedwa m'boma la Mulanje.

2. MAWU ATATU OFUNIKA KUWAMVETSA

(a) Gwero. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku gwero ndi pamene mtsinje wayambira, monga momwe mitsinje ya Likhubula, Lichenya ndi Ruo idayambira paphiri la Mulanje. Pa nkhani ya kompyuta liwuli likuimira zolemba zimene wopanga pulogalamu amalemba ndi manja ake, zomwe munthu wina angathe kuziwerenga ndi kuzisintha. M'gwero mumakhala malamulo opita kwa kompyuta, ndemanga zofotokoza malamulowo, mawu ooneka pa mabatani, ndiponso mitu ndi ndime za buku la malangizo.

(b) Kuwumba. Angerezi amagwiritsa ntchito mneni wa kumanga ponena za kusandutsa gwero kuti likhale buku lowerengeka. M'nkhani ino mwasankhidwa mneni kuwumba, pakuti ntchitoyi ikufanana ndi ya njerwa: dothi limaponyedwa m'chikombole chimodzi kambirimbiri, ndipo njerwa zimatuluka zofanana.

(c) Chikombole. Iyi ndi fayilo yolamula maonekedwe a masamba onse: pamene pakhale mutu, pamene pakhale mndandanda wa zam'katimu, ndi mawu obwerezedwa patsamba lililonse monga oti Tsamba lotsatira. Chikombole chikapindika, njerwa zonse zimapindika, ndipo wowumba wodziwa ntchito sataya nthawi kusema njerwa imodziimodzi, amawongola chikombolecho.

3. MBIRI YA ZIDA ZOWUMBIRA

Buku loyamba la malangizo a Unix, la m'chaka cha 1971, lidakonzedwa ndi pulogalamu yotchedwa roff kuchokera m'mafayilo a mawu okhala ndi zizindikiro zosonyeza mitu ndi ndime. Mu 1984 Donald Knuth wa ku yunivesite ya Stanford adafalitsa nkhani yofotokoza njira yolembera pulogalamu ndi malongosoledwe ake m'fayilo imodzi, kuti ziwirizi zisamasiyane. Chida cha Javadoc cha mu 1995 ndi cha Doxygen, chimene Dimitri van Heesch adatulutsa mu 1997, zimatola ndemanga zili m'gwero ndi kuziyala m'masamba. Mu 2004 John Gruber adayambitsa Markdown, njira yapafupi yosonyezera mitu ndi mindandanda, ndipo mu 2008 Georg Brandl adatulutsa Sphinx kuti chiziwumba mabuku a chilankhulo cha kompyuta cha Python. Pa ntchito yomasulira, chida chofala ndi gettext cha GNU, chimene chidatuluka mu 1995.

Zida zonsezi zidakulira pa ndondomeko ya malembo ya ASCII ya mu 1963, yokhala ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi. Ozipanga sadaganize za lembo la ng', za ŵ, kapena za agwirizanitsi a magulu a mayina. Zidazo zimatha kusenza Chichewa, koma pafunika munthu wodziwa malamulo a kalembedwe kuti ayang'anire katunduyo pofika.

4. CHIFUKWA CHOWUMBIRA BUKU POMWE MUNTHU ALI

Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje. Ziwerengero za odwala malungo, za ana olandira katemera ndi za amayi ochira zimachoka m'zipatala zing'onozing'ono mwezi ndi mwezi kupita ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma, ndipo zimalowa m'pulogalamu ya DHIS2. Pulogalamuyi mizu yake ili ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo Unduna wa Zaumoyo udayamba kuigwiritsa ntchito m'maboma onse a m'Malawi mu 2012. Gwero lake ndi lotseguka kwa aliyense. Mabuku ake a malangizo amalembedwa m'Chingerezi m'mafayilo a Markdown, amawumbidwa ndi kompyuta, ndipo amamasuliridwa m'zilankhulo monga Chifalansa, Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Chilichonse chofunika kuti pakhale buku la Chichewa la mtundu womwewo chili poyera. Chotsala ndi omasulira ndi akonzi.

Pali zifukwa zitatu zowumbira buku lotere pa kompyuta ya mkonzi m'malo modalira masamba a pa intaneti.

Choyamba, buku lowumbidwa limawerengeka popanda netiweki ndiponso popanda kugula bandulo. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula misewu ndi milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo magetsi adazima masiku angapo m'madera ambiri a kummwera. Pa nthawi yotere malangizo okhala pa kompyuta ya batire kapena papepala ndiwo amathandiza.

Chachiwiri, pulogalamu zimasintha chaka ndi chaka. Ofesi ikhoza kukhala ndi mtundu wakale wa pulogalamu pamene masamba oyamba kuoneka pa intaneti akufotokoza mtundu watsopano. Wowumba yekha amasankha gwero logwirizana ndi mtundu umene uli pa kompyuta za ofesiyo.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chikukhudza alembi ndi akonzi, womasulira amapatsidwa ziganizo zoduladula, chilichonse pachokha. Mmene ziganizozo zidzakhalire zikalumikizana patsamba zimaoneka pokhapokha buku litawumbidwa.

5. NDONDOMEKO YA KAWUMBIDWE

Zida zimasiyana mayina, koma ndondomeko yake ndi yofanana. Pano patengedwa Sphinx ngati chitsanzo.

(a) Kutenga gwero. Chida cha Git, chimene Linus Torvalds adalemba mu 2005, chimakopera gwero lonse pamodzi ndi mbiri ya kusintha kwake. Izi zimafuna intaneti kamodzi. Pambuyo pake chimangotenga mizere imene yasintha. Gwero lotengedwa pa boma kapena pa Chitakale likhoza kupita ku Muloza kapena ku Bondo pa fulashi.

(b) Kuika zida. Gwero lililonse limakhala ndi mndandanda wa zida zofunika ndi mitundu yake. Kuika mtundu wosiyana ndi wolembedwawo ndi chifukwa chofala cholepheretsa kuwumba.

(c) Kupatula zomasulira. Lamulo loti make gettext limatola mutu uliwonse ndi ndime iliyonse n'kuziika m'mafayilo, ndi kusiya mpata pansi pa chilichonse. Mafayilo a chilankhulo amatchedwa PO, ndipo a Chichewa amadziwika ndi chizindikiro cha ny.

(d) Kumasulira. Womasulira amadzaza mipata ija. Pulogalamu monga Poedit imagwira ntchitoyi popanda intaneti.

(e) Kuwumba. Lamulo loti make html limatulutsa masamba otsegulidwa pa kompyuta yomweyo. Gwero lomwelo limatulutsanso PDF yosindikiza papepala.

(f) Kuwerenga machenjezo. Powumba, chida chimalemba mizere yosonyeza pamene chakhumudwa: chizindikiro chosatsekedwa, mutu wolozedwa umene kulibe, chithunzi chosowa. Mzere uliwonse umatchula fayilo ndi nambala ya mzere wolakwikawo.

(g) Kuwerenga buku, kukonza kugwero, ndi kuwumbanso.

Mkonzi adziwenso kuti ndime ya Chingerezi ikasintha, chida chimaika chizindikiro cha fuzzy pa kumasulira kwakale, ndipo ndime yotero imatuluka m'Chingerezi kufikira munthu ataiunikanso. N'chifukwa chake buku limene lidali lonse m'Chichewa likhoza kuoneka lamawangamawanga pakatha miyezi ingapo.

6. NKHODOLERO

Palibe chizindikiro chimene chimazunzika m'makina kuposa nkhodolero. M'Chichewa nkhodolero ili ndi ntchito zitatu:

(a) ndi gawo la lembo la ng', monga mu ng'ombe, pang'ono, Mang'anja;
(b) imasonyeza kuti lembo la liwu lachotsedwa, monga mu m'nyumba, m'mudzi, n'chifukwa;
(c) imasiyanitsa mawu amene akadafanana, monga m'bale ndi mbale.

Ikatayika, tanthauzo limasintha: ng'oma ya gule imasanduka ngoma, nyama ya m'thengo, ndipo m'bale wa munthu amasanduka mbale yodyera.

M'zilankhulo zambiri za kompyuta nkhodolero yomweyo imagwira ntchito ya mitengero, kusonyeza pamene mawu ayambira ndi pamene athera. Mu Python, liwu loti ng'ombe likakutidwa ndi nkhodolero uku ndi uku, kompyuta imaganiza kuti mawu athera pa ng, ndipo zotsalazo imazikana. M'mafayilo a mawu a mapulogalamu a Android, nkhodolero yopanda kamzere kopendekera kumbuyo patsogolo pake imalepheretsa kuwumba. Choopsa kwambiri ndi chida cha MessageFormat cha Java, pakuti icho sichidandaula: chimangomeza nkhodolero yokhala yokha, ndipo ng'ombe imatuluka ngombe. Kuti ituluke bwino iyenera kulembedwa kawiri m'gwero. Cholakwika chotere sichioneka m'fayilo ya womasulira, mmene liwulo lalembedwa molondola. Chimaoneka pa buku kapena pulogalamu yowumbidwa.

Vuto lina ndi lakuti nkhodolero ilipo ya mitundu ingapo yofanana m'maso. Ndondomeko ya Unicode, imene idayamba mu 1991, ili ndi yowongoka ya pa kiyibodi, nambala U+0027. Yopindika ya osindikiza, U+2019. Ndi ina yowerengedwa ngati lembo, U+02BC. Sphinx, chikasiyidwa mmene chidabwerera, chimasandutsa yowongoka kukhala yopindika m'ndime za buku. Patsamba zimakongola, koma kwa kompyuta ng'ombe ya nkhodolero yowongoka ndi ya yopindika ndi mawu awiri osiyana.

Zida zambiri zofufuzira mawu m'buku zimadulanso liwu pa nkhodolero. Motero m'mimba amagawidwa kukhala m ndi mimba, ndipo mlangizi wa zaumoyo wofuna tsamba la matenda otsegula m'mimba amapatsidwanso masamba onse a amayi oyembekezera.

Choyenera ndi ichi: gwero lonse likhale ndi mtundu umodzi wa nkhodolero, makamaka yowongoka, poti ndiyo aliyense angathe kuitaipa, ndipo buku likawumbidwa, mkonzi ayese kufufuza mawu monga ng'oma, m'bale, pang'ono ndi Mang'anja, aone ngati akuoneka bwino ndiponso ngati akupezeka.

7. LEMBO LA Ŵ

Lembo la ŵ limapezeka m'mabuku ambiri akale, m'dzina la Malaŵi monga linkalembedwera, m'Baibulo la Buku Loyera la mu 1998, ndiponso m'zolemba za Chitumbuka. Alembi ambiri a Chichewa a masiku ano amalemba w wamba. Gulu lomasulira ligwirizane pachiyambi njira imene litsate, pakuti kusakaniza kudziwa ndi kudziŵa m'buku limodzi kumagawa liwu limodzi pawiri m'chida chofufuzira.

Kumene ŵ wasungidwa, mkonzi adziwe kuti lemboli mulibe mu ASCII, ndipo mulibenso m'ndondomeko ya Latin-1 imene idafala ku Ulaya wa kumadzulo. Mu Unicode lilimo, pa nambala U+0175, ndipo Chiwelishi cha ku Wales chimaligwiritsanso ntchito. M'kasungidwe ka UTF-8, kamene Ken Thompson ndi Rob Pike adakonza mu 1992, ŵ amatenga mabayiti awiri. Fayilo yotero ikawerengedwa molakwika ngati ya ndondomeko yakale ya Windows, mabayiti awiriwo amaoneka ngati malembo awiri achilendo, ndipo Malaŵi amatuluka MalaÅµi. Mkonzi akaona zotere asathamangire kutaipanso mawu. Mawuwo ali bwino, cholakwika ndi mzere wa m'fayilo kapena wa m'chikombole wonena za kasungidwe ka malembo. Kukonza mzere umodziwo kumachiritsa masamba onse.

Zimachitikanso kuti ŵ aoneke bwino pa kompyuta koma asowe mu PDF, m'malo mwake mukhale kabokosi. Apa ndiye kuti mtundu wa zilembo wosankhidwa m'chikombole ulibe lembolo, ndipo pafunika kusankha wina.

8. AGWIRIZANITSI

M'Chingerezi mfotokozi ndi mneni sasintha malinga ndi gulu la dzina. Pa chifukwa ichi opanga mapulogalamu amakonda kulemba chiganizo chimodzi chokhala ndi mpata, woimiridwa ndi chizindikiro monga %s, kuti kompyuta izilowetsamo dzina lililonse. M'Chichewa mgwirizanitsi amatsata gulu la dzina:

fayilo yafufutidwa (gulu la I-Zi kapena Li-Ma malinga ndi kachulukitsidwe)
chithunzi chafufutidwa (gulu la Chi-Zi)
dzina lafufutidwa (gulu la Li-Ma)
mndandanda wafufutidwa (gulu la Mu-Mi)
kalata yafufutidwa, makalata afufutidwa

Womasulira akalemba kuti %s yafufutidwa, wowerenga adzakumana ndi chithunzi yafufutidwa ndi dzina yafufutidwa. Njira yozembera msamphawu ndi kutembenuza chiganizo kuti dzina losadziwikalo likhale pamtherankhani, pomwe silifuna mgwirizanitsi: Mwafufuta %s. Chiganizochi chimalandira dzina la gulu lililonse.

Chimodzimodzi ndi afotokozi oima okha. Liwu limodzi la Chingerezi lonena za chinthu chatsopano likhoza kufuna watsopano, chatsopano, yatsopano, latsopano kapena zatsopano. M'fayilo ya PO liwulo limaoneka lokha, popanda dzina limene likufotokoza. Womasulira amadziwa choyenera akaona tsamba lowumbidwa, ndipo kawirikawiri nzeru ndi kulemba dzina ndi mfotokozi pamodzi: wodwala watsopano, lipoti latsopano.

Pa kuchuluka kwa zinthu, gettext imalola mipata iwiri ya Chichewa, wa chimodzi ndi wa zambiri. Mipata yonse iwiri idzazidwe ndi chiganizo chathunthu: Mwana 1 walembedwa, Ana 12 alembedwa. Kusintha dzina lokha n'kusiya mneni ndi cholakwika chofala.

9. MAYINA A MALO NDI ZILANKHULO ZOYANDIKANA

Mabuku a nthawi ya atsamunda ankalemba Mlanje ndi Cholo pamene lero palembedwa Mulanje ndi Thyolo. Mayina ena satsata malamulo a mawu wamba. Lamulo limati l alembedwe kumayambiriro kwa liwu ndi pambuyo pa a, o ndi u, ndipo r adze pambuyo pa i ndi e m'kati mwa tsinde. Koma dzina la mtsinje wa Ruo limayamba ndi r. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene likulu lake la miyambo lili pa Chonde, limalemba dzina lake ndi lh, malembo amene sayenda pamodzi m'Chichewa. Mayina otere asungidwe m'fayilo yawoyawo ya mawu osayenera kusinthidwa, kuti chida chowongolera kalembedwe kapena mkonzi wachangu asawasinthe.

Kompyuta imatha kusintha lembo limodzi m'mafayilo mazana ambiri pa kamphindi, ndipo mphamvu imeneyi ndi yofunika kuisamala. Ku Zambia amalemba c pamene ku Malawi kumalembedwa ch: Cinyanja, cinthu, cakudya. Munthu angaganize kuti buku la ku Malawi lisanduka la ku Chipata pongochotsa h paliponse. Atatero, ntchito idzatuluka ntcito pamene a ku Zambia amalemba nchito, ndipo mayina a Chambe, Chitakale ndi Lichenya adzawonongeka. Njira yolondola ndi kukhala ndi mafayilo awiri a PO pa gwero limodzi, ena a ny-MW ndi ena a ny-ZM, aliwonse ndi mkonzi wake.

Ubwino wa gwero limodzi umaonekera kwambiri m'boma ngati Mulanje, momwe muli olankhula Chichewa, Chimang'anja, Chilomwe ndi Chiyao, ndipo kutsidya kwa Muloza, ku Milange, zolemba za boma ndi za Chipwitikizi. Chiyao chili ndi chizindikiro cha yao, Chilomwe cha ku Malawi cha lon, ndipo cha ku Mozambique cha ngl. Zithunzi, manambala a mitu ndi chikombole zimakhala zomwezo. Chowonjezera ndi mafayilo a chilankhulo basi.

10. KUSANKHA MAWU A NTCHITO

Mawu atsopano amalowa m'Chichewa m'njira zitatu: kukulitsa tanthauzo la liwu lakale, monga kusunga ndi kutsegula, kulumikiza mawu odziwika kale, monga mawu achinsinsi, ndi kubwereka, monga fayilo, batani ndi kompyuta. Njira zonsezi ndi zovomerezeka. Chosavomerezeka ndi kusinthasintha. Ponena za kutenga fayilo pa intaneti, ena amati kukopera, ena kutsitsa, ena kudawuniloda. Omasulira atatu akagawana mitu ya buku limodzi, aliyense ndi liwu lake, wowerenga amaganiza kuti ndi ntchito zitatu zosiyana.

Pa chifukwa ichi ntchito iyambe ndi mndandanda wa mawu ogwirizanirana, ndipo mndandandawo usungidwe m'gwero momwemo. Sphinx ili ndi malo a matanthauzo a mawu, ndipo liwu lililonse lolozedwa kumeneko kuchokera m'ndime limafufuzidwa powumba; likakhala kuti mulibe m'ndandanda, chida chimachenjeza. Pa mawu wamba, Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene likulu loona za zilankhulo la Centre for Language Studies lidatulutsa mu 2000, ndi poyambira pabwino. Likululi lidakhazikitsidwa mu 1996 m'malo mwa Bungwe la Chichewa, limene lidathetsedwa mu 1995.

Malamulo atatu awa ndi othandiza:

(a) Liwu la m'buku lifanane ndi la pa batani. Ngati pulogalamu ikadali m'Chingerezi, buku litchule liwu la pa batanilo mmene lilili, kenaka lifotokoze ntchito yake m'Chichewa. Buku loti Dinani Sungani silithandiza munthu amene sakuona Sungani paliponse.

(b) Wowerenga alankhulidwe mwaulemu: Dinani, Lembani, Sankhani. Dina ndi Lemba ndi mawu olankhulira mwana, ndipo kalaliki kapena namwino sangawalandire bwino.

(c) Mawu ofanana m'maso koma osiyana zotsatira atalikitsidwe. Fufuzani ndi Fufutani amasiyana lembo limodzi, koma loyamba limapeza dzina la wodwala pamene lachiwiri limalichotsa. Kumene mabatani awiriwa ayandikana, ndi bwino kuti lina likhale Sakani kapena Chotsani.

Chida chowongolera kalembedwe ka Chichewa chilipo: Edmond Kachale, katswiri wa makompyuta wa ku Malawi, adachikonza mothandizana ndi Kevin Scannell wa ku America. Chida chotere chimagwira liwu lolembedwa molakwika, koma Fufuzani ndi Fufutani chimawalola onse awiri, poti onse ndi mawu enieni. N'chimodzimodzinso ndi Google Translate, imene idalandira Chichewa mu Disembala 2014: ikhoza kupereka zoyambira, koma sidziwa mndandanda wa mawu umene gulu lagwirizana.

11. MLOZO NDI KUTALIKA KWA MAWU

Chida chowumbira chimasanja chokha mlozo wa kumapeto kwa buku potsata lembo loyamba la liwu. M'Chichewa izi zimaunjika aneni onse pansi pa K, chifukwa cha ku-, ndi mayina ambiri pansi pa M ndi Ch. Mabuku otanthauzira mawu amasanja aneni potsata tsinde, ndipo mlozo utengere zomwezo: sunga pa S, tsegula pa T, fufuta pa F. Mkonzi amachita izi polemba tsinde m'chizindikiro cha mlozo cha m'gwero.

Mneni wa Chichewa amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani m'liwu limodzi, monga mu sanawalembetsebe. Mawu otere amasefukira m'timabokosi ta tebulo topimidwira Chingerezi, kapena makina amawadula pamalo olakwika. Liwu la Chichewa limadulidwa pamapeto a phatikizo, pambuyo pa lembo la liwu: nkho-do-le-ro, pa-ng'o-no. Chida chotsata malamulo a Chingerezi chikhoza kulekanitsa n ndi kh, kapena ng ndi nkhodolero yake. Ngati palibe malamulo a Chichewa oikidwa m'chidacho, kudula mawu kuzimitsidwe m'chikombole.

Pomaliza, mawu amene chikombole chimaika chokha, monga a zam'katimu, a chenjezo ndi a tsamba lotsatira, ali ndi fayilo yawo yapadera. Ikaiwalika, ndime zonse zimakhala m'Chichewa koma mitu ya m'mphepete imatsala m'Chingerezi.

12. UDINDO WA MLEMBI, MKONZI NDI MPHUNZITSI

Mlembi alembe ziganizo zathunthu ndi zazifupi, chilichonse cholamula chinthu chimodzi, ndipo atsate mndandanda wa mawu. Akafuna liwu latsopano, ayambe waliika m'ndandandamo asanaligwiritse ntchito.

Mkonzi safunika kukhala wopanga mapulogalamu. Malamulo owumbira ndi ochepa, ndipo katswiri akaika zida pa kompyuta kamodzi, otsalawo ndi ongobwereza. Chofunika ndi chizolowezi: kuwumba, kuwerenga machenjezo, kuwerenga masamba, kuyesa mawu a nkhodolero ndi a ŵ, kukonza kugwero, ndi kuwumbanso. Zokonza zake zitumizidwenso kwa osunga gwero, kuti wina wowumba buku lomwelo ku Karonga kapena ku Nsanje alandire lokonzedwa kale. Git imasunga dzina la wosintha, tsiku, ndi chifukwa chake. Motero mkangano wa kalembedwe ukabuka, mbiri ya chigamulo chilichonse imapezeka.

Mphunzitsi wa Chichewa ali ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi kuphunzitsa kuti nkhodolero ndi agwirizanitsi ndi mbali ya tanthauzo, pogwiritsa ntchito zitsanzo monga zili pamwambazi. Yachiwiri ndi kuyesa buku pa anthu. Tsamba la malangizo lipatsidwe kwa wophunzira kapena wogwira ntchito amene sadaonepo pulogalamuyo, achite zimene lanena popanda womuthandiza. Pamene waima ndi kufunsa, pachongedwe, ndipo mzere wake ukafunidwe m'gwero tsiku lomwelo.